Makompyuta Akafera Limodzi, Mafayilo Adzachokera Kuti?

Lachiwiri pa 27 June 2017, ogwira ntchito ku likulu la kampani ya Maersk mumzinda wa Copenhagen, ku Denmark, anangoona makompyuta akuzima okha. Akayakanso ankaonetsa uthenga wofuna dipo la madola 300. Inayamba imodzi, kenako mzere wonse wa madesiki, kenako nyumba yonse. Anthu ankathamanga m'makonde akukuwa kuti aliyense azule waya wa netiweki, koma vairasi inali itafika kale kumene iwo ankathamangirako. Maersk ndi ija ya makontena a nyenyezi yoyera amene timakumana nawo pamsewu akuchokera ku Beira kapena ku Dar es Salaam. Nthawi imeneyo inkanyamula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a katundu yense woyenda m'makontena panyanja. Tsikulo ntchito inaima pa madoko ake 17, mathiraki anandandana pamageti, ndipo panalibe wodziwa kuti m'kontena iti muli chiyani.

Vairasiyo, imene inatchedwa NotPetya, inalowera pa kompyuta imodzi ya mu ofesi ya kampaniyo ku Odessa, m'dziko la Ukraine, kudzera m'pulogalamu yowerengera misonkho ya M.E.Doc. Za dipozo kunali kuphimba anthu m'maso chabe. Ngakhale wolipira sakanabwezeredwa kanthu, chifukwa amene anaipanga cholinga chawo chinali kuwononga basi.

Akatswiri atasonkhana ku Maidenhead, ku England, kuti amangenso zonse, anapeza bakapu ya pafupifupi seva iliyonse kupatula maseva a mtundu umodzi. Amenewa ndi aja amasunga mayina a ogwira ntchito onse, mapasiwedi awo ndi zimene aliyense amaloledwa kutsegula. Popanda iwo zinazo sizingadzuke. Maersk inali nawo pafupifupi 150 m'mayiko osiyanasiyana, ndipo ankakoperana okhaokha nthawi zonse. Maganizo anali akuti imodzi ikafa, anzake alipo ambirimbiri. Panalibe amene anaganizira kuti netiweki yomwe inkawalumikizayo ndi imenenso ingawabweretsere imfa onse tsiku limodzi.

Inatsala imodzi yokha. Ataimba mafoni ofesi ndi ofesi, dziko ndi dziko, anamva kuti ku Ghana magetsi anali atathima vairasi isanafike, ndipo seva ya kumeneko inali isanalumikizidwenso. Intaneti ya ofesiyo inali yochedwa moti kutumiza zam'menemo kukanatenga masiku. Mwa ogwira ntchito a kumeneko munalibenso amene anali ndi visa ya ku Britain. Choncho mmodzi ananyamula hadi disikiyo pandege mpaka ku Nigeria, n'kuipereka pabwalo la ndege kwa mnzake amene anauluka nayo kupita ku London. M'masiku 10 kampaniyo inakonzanso maseva 4,000 ndi makompyuta 45,000. Wapampando wake wa nthawiyo, Jim Hagemann Snabe, ananena poyera mu January 2018 kuti anataya madola pakati pa 250 ndi 300 miliyoni.

Anthu amakonda kuisimba nkhaniyi ngati ya mwayi, ndipo mwayi unalipodi. Koma ine chimandigwira mtima n'china. Kope lija silinali labwino kuposa enawo. Linapulumuka chifukwa pa ola loopsalo linali kutali ndipo netiweki sinkatha kulikhudza. Chimene kuthima kwa magetsi kunachita mwangozi ku Ghana ndi chimene ofesi iliyonse ya makompyuta olumikizana iyenera kumachita mwadala usiku uliwonse.

Disiki ya m'dilowa

Lowani mu ofesi ya sukulu yapulaiveti, chipatala chaching'ono, SACCO kapena bungwe lothandiza anthu m'tauni iliyonse kuno kwathu. Mupeza makompyuta asanu kapena khumi olumikizidwa ku rauta imodzi. Pakona, kawirikawiri pansi pa desiki la akauntanti, pali kompyuta imene aliyense amaitchula kuti seva. Fani yake yadzaza fumbi, pambali pake pali UPS imene imalira magetsi akathima, ndipo wina anamatapo kapepala kakuti "Osazimitsa". M'menemo ndi mmene muli moyo wa ofesi yonse: malipiro a antchito, ngongole za mamembala, fizi imene makolo alipira ndi imene atsala nayo, mbiri ya odwala, malipoti a zaka zisanu opita kwa opereka thandizo.

Mukafunsa za bakapu, akutsegulirani dilowa n'kukuonetsani kahadi disiki kakuda kokulungidwa ndi waya wake. Akuuzani kuti Lachisanu lililonse mnyamata wa IT amakopera zonse. Mukafunsa kuti komaliza anakopera liti, anthu ayamba kuyang'anana. Mwina mnyamatayo anapeza ntchito kwina, ndipo amene analowa m'malo mwake sanauzidwe. M'maofesi ena disikiyo saichotsa n'komwe, imangokhala yolumikizidwa ku seva usana ndi usiku kuti asamavutike kuizula.

Sindikuinyoza disiki imeneyi. Imathandiza seva ikafa yokha, ndipo mahadi disiki amafadi. Kampani ya Backblaze ya ku America, imene imasindikiza ziwerengero za madisiki ake oposa 200,000, imapeza kuti pa 100 alionse, imodzi kapena awiri amafa chaka chilichonse, ndipotu amenewo amakhala m'zipinda zozizira bwino za magetsi osadukiza. Koma zoopsa zinazo bwanji? Wakuba akathyola ofesi amanyamula seva ndi zam'dilowa zomwe. Mphezi ikalowera pa waya imapsereza chilichonse cholumikizidwa. Mu December 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa pamodzi ndi mabuku pafupifupi 45,000. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anakokolola nyumba ndi katundu m'maboma a kumwera. Pa zonsezi, kope losungidwa m'chipinda chimodzi ndi seva limapitira limodzi ndi sevayo.

Ndiye palinso ransomware, vairasi yotseka mafayilo n'kumafuna dipo. Imalowera pa imelo imene mlembi watsegula mosadziwa, kapena pa fulashi imene wina anapita nayo kokasindikiza m'tauni. Ikalowa imayenda pa netiweki kufunafuna foda iliyonse imene kompyutayo ili ndi chilolezo cholembamo. Akathyali a masiku ano sapupuluma. Amakhala phee m'makina mwanu masiku kapena masabata, amayamba afufuza pamene pali bakapu n'kuiwononga, kenako ndiye amatseka zotsalazo. Amadziwa kuti munthu wokhala ndi kope labwino salipira.

Izi zinatifika kale. Mu February 2024, a Lazarus Chakwera, amene anali pulezidenti pa nthawiyo, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina opangira mapasipoti athyoledwa ndi anthu ofuna dipo, ndipo anati boma silipereka. Kwa masabata ambiri, ofuna kupita kusukulu, kuchipatala kapena kukagwira ntchito kunja anangokhala akudikira. Mu June chaka chomwecho, bungwe loyeza magazi ndi zina m'zipatala za boma ku South Africa, la National Health Laboratory Service, linalengeza kuti vairasi yafufuta mbali zina za makina ake, kuphatikizapo maseva a bakapu. Madokotala anabwerera ku zotsatira za pafoni ndi zapapepala, ndipo odwala ena anachedwa kulandira chithandizo. Banki yaikulu ya Zambia nayo inaukiridwa mu May 2022, koma inakana kukambirana za dipo ponena kuti makina ake ofunika anali otetezedwa.

Kuikiza kwa wina

Kumudzi, munthu wa mbuzi zambiri amaikizako zina kwa mlamu wake wa kutsidya kwa mtsinje, kuti matenda kapena fisi akalowa m'khola la pakhomo mtundu usathe. Bakapu ya pa intaneti ndi kuikiza komweko. Mafayilo amapita m'nyumba zikuluzikulu zodzaza maseva, zokhala ndi majenereta, makina oziziritsa ndi alonda, za makampani monga Amazon, Microsoft ndi Google. Malo amenewa ndi amene anthu amati cloud. Amazon inayamba kuchititsa lendi malo osungira pa intaneti mu March 2006 ndi ntchito yake ya S3. Kwa zaka zambiri nyumba zimenezi zinali kutali nafe, koma Microsoft inatsegula zake ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, ndipo Google ku Johannesburg mu 2024. Fayilo ikafika kumeneko imakoperedwa pa madisiki angapo, moti imodzi ikafa mwini fayilo samva n'komwe.

Mu ofesi, pa seva kapena pa kompyuta iliyonse, amaikapo kapulogalamu kamene kamadzuka pa nthawi yoikika, tinene 1 koloko usiku pamene intaneti ilibe oigwiritsa ntchito. Ulendo woyamba kamatumiza zonse. Masiku otsatirawo kamangotumiza zomwe zasintha, ndipo sikatumiza fayilo yathunthu. Kamaiduladula m'tizidutswa, kachidutswa kalikonse n'kukawerengera chizindikiro chake, kenako kamafunsa seva yakutaliyo kuti ndi tizidutswa titi timene ilibe. Nzeru imeneyi inatchuka ndi pulogalamu ya rsync imene Andrew Tridgell ndi Paul Mackerras anatulutsa ku Australia mu 1996, nthawi imene intaneti inali yochedwa paliponse. N'chifukwa chake bakapu yakutali ndi yotheka ngakhale pa malaini athuwa.

Tiwerengere. Ofesi ili ndi 500 GB, ndipo patsiku zosintha zimakwana 2 GB. Pa laini yotumiza 10 Mbps, 2 GB imapita m'mphindi zosakwana 30. Koma 500 GB yoyambirirayo ifuna maola 111, kutanthauza masiku anayi ndi theka laini ili yodzaza, magetsi osathima. Komanso liwiro limene amalengeza pogulitsa intaneti nthawi zambiri ndi lolandirira, lotumizira limakhala locheperapo. Apa ndi pamene maofesi ambiri amagwa ulesi: ayamba Lolemba, pofika Lachitatu aliyense akudandaula kuti intaneti yafa, bwana n'kulamula kuti aimitse, nkhani n'kuthera pomwepo. Chanzeru ndi kuyamba ndi zomwe ofesi singakhale popanda izo. Mabuku a chuma, malipiro, makontirakiti ndi kaundula wa mamembala nthawi zambiri ndi zazing'ono modabwitsa, zimakwana usiku umodzi. Zithunzi za misonkhano ndi mavidiyo a mwambo wotsegulira nyumba zizibwera pambuyo, pang'onopang'ono, Loweruka ndi Lamlungu.

Asanatuluke mu ofesi, mafayilo ayenera kukhomedwa ndi kiyi yachinsinsi, kuti ngakhale wogwira ntchito ku kampani yosungayo azingoona zilembo zopanda mutu. Koma kiyi imeneyi ikatayika palibe angatsegule, ngakhale kampaniyo. Ndiye ambiri amaisunga m'kafayilo pa seva yomweija. Seva ikapsa, kope lili bwinobwino ku Johannesburg koma chotsegulira chapsera limodzi. Kiyi ilembedwe papepala, itsekeredwe mu envulopu, isungidwe m'sefa kunja kwa ofesi, ndipo odziwa pamene ili akhale anthu awiri, osati mmodzi.

"Ife zathu zili pa Google Drive"

Ambiri akamva nkhaniyi amayankha choncho, kapena amatchula OneDrive ndi Dropbox. Kuli bwino kusiyana ndi kukhala chimanjamanja, ndipo Google imapereka 15 GB yaulere. Koma ntchito ya mafoda amenewa ndi kufananitsa: chachitika pa kompyuta chichitikenso uko. Mukafufuta fayilo kuno, ukonso ifufutika. Vairasi ikatseka mafayilo 10,000 kuno, otsekedwawo apita kukalowa m'malo mwa abwino aja. Ndi vuto lomwelija la maseva okoperana okhaokha. N'zoona kuti pali bini imene imasunga zofufutidwa kwa masiku pafupifupi 30, koma zolakwika zambiri za m'maofesi sizidziwika m'masiku 30. Zimadziwika maoditala akabwera kumapeto kwa chaka n'kufunsa ledja ya mwezi wa March, ndiye n'kupeza kuti wina anailemba pamwamba mu May.

Bakapu yeniyeni imakumbukira mmene zinthu zinalili dzulo, sabata yatha, kumapeto kwa mwezi uliwonse ndi kumapeto kwa chaka, ndipo imakulolani kubwerera pa tsiku limene mukufuna. Iyeneranso kukhala ndi akaunti yakeyake ndi pasiwedi yosiyana ndi ya pa netiweki ya ofesi, kuti wothyola seva asapezeretu njira ya kumeneko.

Chinanso, ikhale yoti ngakhale mwini ofesi sangaifufute atafuna lero. Makampani ambiri a cloud ali ndi njira yokhomera kope kwa nthawi imene mwasankha, kaya masiku 30, 90 kapena zaka. Ikakhomedwa mwamphamvu, palibe pasiwedi imene ingalisinthe kapena kulichotsa mpaka nthawiyo itakwana. Njirayi imatchinga akathyali amene aba pasiwedi ya mkulu wa IT. Koma ife Amalawi tili ndi chifukwa china choifunira. Pa nkhani ya Cashgate ya mu 2013, ofufuza a Baker Tilly anapeza kuti anthu ankalowetsa malipiro achinyengo mu IFMIS, makina a boma oyendetsera ndalama, cheke chikatuluka n'kufufuta umboni wake m'makinamo. Wakuba wa m'nyumba amadziwa pamene pali chilichonse, ndipo kiyi ali nayo. Kope limene limachoka usiku uliwonse kupita kumene iye sangalifike ndi mboni imene sangaipatse chiphuphu. Ndikanakhala mu bodi ya SACCO kapena mu komiti ya chuma ya mpingo, ndikanaumirira bakapu yokhomedwa pa chifukwa ichi chokha, ngakhale padziko pakanakhala palibe mavairasi.

Nakonso kumapsa

Tisanamizane kuti zikafika ku cloud ndiye kwatha. Usiku wa pa 10 March 2021 moto unabuka pa malo a kampani ya OVHcloud mumzinda wa Strasbourg, ku France. Nyumba imodzi ya maseva inapseratu, ina inapsa mbali, ndipo mawebusaiti mamiliyoni anazima. Makasitomala ena amene ankalipira bakapu mwezi ndi mwezi anadzazindikira m'mawa mwake kuti bakapuyo inkasungidwa pamalo omwewo. Ena anakasuma, ndipo mu 2023 khoti la ku Lille linalamula kampaniyo kupereka chipukuta misozi. Koma mafayilo sanabwerere.

Ku South Korea, dziko lotsogola pa zamakompyuta, batire linayaka pa 26 September 2025 m'nyumba ya maseva a boma mumzinda wa Daejeon. Mwa zomwe zinapsa munali G-Drive, malo amene ogwira ntchito m'boma ankalimbikitsidwa kusungako mafayilo awo m'malo mowasiya pa makompyuta a mu ofesi. Munali 858 TB, ndipo inalibe bakapu. Akuluakulu anafotokoza kuti inali yaikulu kwambiri moti sankatha kuikopera kwina.

Nthawi zina sipafunika moto. Mu May 2024, akaunti ya UniSuper, thumba la penshoni la ku Australia la mamembala oposa 600,000, inafufutika ku Google Cloud chifukwa cha cholakwika chimene chinachitika poikhazikitsa. Zinthu zawo zinali m'madera awiri osiyana, koma poti zinali pansi pa akaunti imodzi zinapita zonse. Chinawapulumutsa n'chakuti anali ndi makope ena kunja kwa akauntiyo, kuphatikizapo kwa kampani ina. Ngakhale zinali choncho, mamembala anakhala pafupifupi masabata awiri osaona ndalama zawo pa intaneti.

N'chifukwa chake akatswiri amagwiritsabe lamulo la 3-2-1 limene wojambula zithunzi wa ku America, Peter Krogh, analitchukitsa mu 2005: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali. Disiki ya m'dilowa ija ili ndi malo ake m'lamuloli. Ndi imene mungabwezere nayo zinthu msanga. Cholakwika ndi kuisiya yokha.

Madola, mawaya a pansi pa nyanja ndi lamulo

Malo osungira pawokha si odula. Makampani otsika mtengo amalipiritsa madola osakwana 10 pa 1 TB pamwezi, ena amapitirira 20. Chovuta kwathu kuno n'chakuti ndi madola. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo bilu ya cloud ya ofesi iliyonse inalumpha nthawi yomweyo. Ndalama zakunja zikasowa m'mabanki, khadi imakana kulipira. Kampani yosungayo imatumiza chenjezo pa imelo, kenako imatseka akaunti, ndipo pakapita nthawi imafufuta zonse. Nanga imeloyo ikakhala ya mnyamata wa IT uja anasiya ntchito? Akaunti ya bakapu ilembetsedwe pa imelo ya ofesi imene anthu angapo amaiona, ndipo ngati n'kotheka ilipiridwe ya chaka chonse kamodzi. Funsaninso mtengo wotulutsa mafayilo, chifukwa makampani ena kulowetsa salipiritsa koma kutulutsa amawerengera pa GB iliyonse, ndipo bilu imeneyo imabwera pa tsiku limene muli kale m'mavuto.

Bungwe lokhala ndi nthambi lili ndi njira ina yosafuna dola. Ofesi ya ku Blantyre ikhoza kumatumiza bakapu yake usiku ku seva ya nthambi ya ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 300, ndipo ya ku Lilongwe n'kumatumiza ku Blantyre kapena ku Mzuzu. Moto ndi madzi sizingafike konseko tsiku limodzi. Vairasi ingafike, ngati maseva onsewo amatsegulidwa ndi pasiwedi imodzi, choncho seva yolandira ikhale yoti imakoka yokha mafayilo ndipo yotumizayo ilibe mphamvu yofufuta kanthu kumeneko.

Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yaikulu, ndiye intaneti yathu imadutsa m'mayiko oyandikana nafe kuti ikafike pa mawaya a pansi pa nyanja. Pa 12 May 2024 mawaya a EASSy ndi Seacom anaduka kufupi ndi gombe la KwaZulu-Natal, ndipo intaneti inafooka ku Malawi, Mozambique, Tanzania ndi Kenya kwa masiku angapo. Ofesi imene seva yake inafa sabata imeneyo ikanavutika kukoka mafayilo ake kuchokera kunja. Starlink, imene inayamba kugwira ntchito kuno mu 2023, yawonjezera njira ina, komabe maola 111 aja otumizira ali ndi anzake obwezera. Wanzeru amadziwiratu kuti pa tsiku latsoka adzayamba kukoka foda iti kuti malipiro a mwezi atuluke, zinazo zikubwera pambuyo.

Palinso lamulo. Data Protection Act ya 2024, imene ikuyang'aniridwa ndi MACRA, imaika udindo pa aliyense wosunga mbiri za anthu kuti aziteteze, ndipo imaika malire pa kuzitumiza kunja kwa dziko. Chipatala kapena sukulu imene ikufuna kutumiza mbiri ya odwala kapena ya ana ku seva ya ku Ulaya kapena ku South Africa iyambe yafunsa kuti lamuloli likuti chiyani pa mafayilo ake. Ena amaliona ngati chopinga. Ine ndimaliona ngati chifukwa china chokhomera mafayilo ndi kiyi asanatuluke, chifukwa mayi amene anapereka dzina lake ndi matenda ake pawindo la chipatala sanavomere kuti aliyense aziwerenga.

Kubweza ndiye mayeso

Pa 31 January 2017, katswiri wina wa kampani ya GitLab, imene imasungira anthu opanga mapulogalamu ntchito zawo, ankakonza vuto usiku atatopa. Analamula kompyuta kufufuta foda akuganiza kuti ali pa seva yachiwiri, pamene anali pa yaikulu. Pamene ankaimitsa lamulolo n'kuti pa 300 GB patangotsala 4.5 GB. Kampaniyo inali ndi njira zisanu za bakapu, ndipo ataziyesa imodziimodzi panalibe imene inkagwira ntchito moyenera. Malo awo a ku Amazon anali opanda kanthu. Pulogalamu yokopera inali ikulephera mwakachetechete chifukwa cha kusiyana kwa mavesheni, ndipo maimelo ochenjeza za kulepherako ankakanidwa asanafike kwa munthu. Anapulumukira pa kope limene katswiriyo anali atapanga pamanja maola 6 m'mbuyomo pa ntchito ina. Zimene zinalowa mu fodayo pa maola 6 amenewo zinatayika. Chimene ndimawalemekezera a GitLab n'chakuti sanabise kanthu: anaonetsa ntchito yobwezayo pa YouTube anthu akuonera, kenako anasindikiza lipoti lonse, ndipo anavomera kuti panalibe munthu amene anapatsidwa udindo woyesa ngati bakapu ingabwezedwe.

Ngati zinachitikira anthu amene ntchito yawo ndi makompyuta, kuli bwanji ofesi ya akauntanti mmodzi ndi mlembi? Kachizindikiro kobiriwira kakuti bakapu yatheka kamangonena kuti china chake chatumizidwa. Sikanena ngati ndi foda yolondola, ngati database inakopedwa ili yotseka bwino, kapena ngati laputopu ya bwana, imene imagona kunyumba ndipo ndi imene ili ndi makontirakiti onse, ili pa mndandanda n'komwe.

Mayeso ake safuna katswiri wochokera kunja. Kamodzi pa miyezi itatu, Lachisanu masana, mkulu wa ofesi atenge laputopu imene siili pa netiweki, aitane wa IT ndi akauntanti, n'kunena kuti, "Tiyerekeze kuti seva yapsa. Ndikufuna ledja ya mwezi wa March ndi mndandanda wa malipiro a mwezi watha." Seva asaikhudze, dilowa asalitsegule. Envulopu ya kiyi itengedwe kumene imasungidwa, alowe mu akaunti yakutali, akoke mafayilowo, ndipo akauntanti awatsegule n'kuyerekeza manambala ndi a papepala. Ulendo woyamba kawirikawiri pamatuluka zinthu: nambala yotsimikizira ikupita ku foni ya munthu amene anachoka, pulogalamu ya akaunti ikufuna laisensi imene palibe akuikumbukira, foda ya nthambi ya ku Zomba sinalowe pa mndandanda chiyambire. Tsiku lina wa IT akhale pambali osalankhula, wina ayese yekha potsatira malangizo olembedwa, chifukwa tsoka silinunkha ndipo likhoza kugwa iye ali kumaliro kumudzi kopanda netiweki.

Nthawi imene kubwezako kwatenga ilembedwe m'buku, pamodzi ndi dzina la amene anayesa ndi fayilo iliyonse imene inakana kutseguka. Pa msonkhano wotsatira wa bodi, bukulo liwerengedwe lipoti la chuma likangotha, ndipo chilichonse chimene chinakanika chipatsidwe munthu wochikonza ndi tsiku loti adzabwere nalo yankho.